Zaka 10 pa Lizulu: botolo la Cypermethrin silituluka m'shopu mwathu lisanawerengedwe

Shopu yathu ya zipangizo zaulimi yakwanitsa zaka 10 pano pa Lizulu, ndipo pa katundu yense amene wadutsa pa kauntala pathu, Cypermethrin, mankhwala ophera tizirombo m'munda, ndiye watidyetsa, ndiyenso anatsala pang'ono kutitseketsa.

Mu Disembala 2017, boma litalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ntchemberezandonda, aliyense ankafuna mankhwala tsiku lomwelo. Tinatenga ngongole n'kupikula makatoni kwa mkulu wina wa m'tauni amene ankatsitsa mtengo. Anali mankhwala osungunula. Alimi anapopera, mbozi n'kumangodya chimanga ngati zathiridwa madzi a pachitsime. Tinabweza ndalama kwa aliyense amene anabwera ndi botolo. Otikongoza aja sanamve zimenezo, chiwongoladzanja ankachifuna pa tsiku lake. Mkulu wa makatoni uja mpaka lero foni yake imangoitana. Ngati akuwerenga, adziwe kuti malisiti tinasunga.

Kuchokera pamenepo timagula okhawo olembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizirombo la Pesticides Control Board ku Bvumbwe, otsekedwa bwino, okhala ndi tsiku lothera mphamvu. Zopungulira m'mabotolo a zakumwa ayi, chifukwa mwana akaliona botolo lotero amati n'chakumwa.

Cypermethrin ali m'gulu la ma pyrethroid. Amagwira mitsempha ya kachirombo, n'kumanjenjemera mpaka kufa. Bungwe la WHO linamuika m'gulu lachiwiri la mankhwala oopsa, ndiye chifukwa chake lebulo imakhala ndi mzere wachikasu m'munsi. Akakhudza khungu, makamaka kumaso, kumayabwa, kumatentha ngati mwapaka tsabola, nthawi zina kumachita dzanzi. Sambani msanga ndi sopo. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera mphindi 15. Munthu akamwa, musam'sanzitse ndipo musam'patse mkaka, zimene ambiri kuno amathamangira. Mafuta osungunulira mankhwalawa akalowa m'mapapo posanza amapweteka koposa. Pitani naye kuchipatala, botolo lili m'manja.

Posakaniza, thirani madzi theka la sipuleya ya malita 16, yezani mankhwala ndi sirinji monga lebulo yanenera, thirani, dzazani, khutchumulani. Chivindikiro cha botolo si muyezo, ndipo mphamvu za mankhwala zimasiyana kampani ndi kampani. Botolo lolembedwa EC likhale lakuti mukathira m'madzi ayere ngati mkaka. Akapanda kuyera, bweretsani tione. Valani magolovesi a labala, magambuti, zovala za manja aatali ndi chophimba mphuno ndi pakamwa. Mphepo ikhale kumbuyo kwanu. Nozo ikatseka, musaiuzire ndi pakamwa, itokoseni ndi kaudzu. M'chimanga lozetsani pa mtima, mbozi zikadali zing'onozing'ono, chifukwa zikakula zimabisala mkati ndipo mumangotaya ndalama. Pa tomato ndi kabichi, masiku odikira musanakolole alembedwa pa lebulo. Kupopera lero n'kukaika pa msewu wa M1 mawa kuti tomato awale, kumeneko n'kudyetsa anthu poizoni.

Chimene chimatipweteka mtima kwambiri ndi cha kudimba. Mankhwalawa amapha nsomba, nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi ngakhale atakhala madontho ochepa chabe. Sasungunuka bwino m'madzi, amakakamira ku dothi, ndiye mvula ikakokolola dothilo amakathera mumtsinje. Sipuleya isatsukidwire pa mtsinje kapena pa mjigo. Botolo likatha, thiranimo madzi pang'ono, khutchumulani, tsanulirani mu sipuleya, katatu, kenako liboleni kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Njuchi nazo sizipirira. Poperani madzulo zitabwerera ku ming'oma, ndipo chimanga chikatulutsa ngayaye kapena maungu akachita maluwa, lekani kaye. Mankhwala a m'mundawa si opopera pa mphasa pofuna nsikidzi, si othira m'chimanga chosunga. Komanso musagwiritse ntchito Cypermethrin yekhayekha chaka ndi chaka. Tizirombo timazolowera, monga udzudzu wa ku Chikwawa unazolowerera mankhwala a gulu lomweli amene amaikidwa m'maneti.

Tikuthokoza alimi a ku Lizulu, Tsangano ndi Mlangeni amene munabweranso titakukhumudwitsani chaka chija. Zikomo alangizi a zaulimi amene mumatiitana pa masiku a zionetsero m'minda, amayi a m'makalabu amene mumasonkherana kugula botolo limodzi lathunthu m'malo mwa zopungula, anyamata athu awiri a pa kauntala amene amawerengera lebulo agogo osatha kuwerenga osatopa, a kabaza amene mumatinyamulira katundu, ndi akumpingo amene munatipempherera ngongole itatifika pakhosi.

Dzinja lino tili ndi Cypermethrin wa mabotolo aang'ono ndi aakulu, emamectin benzoate wosinthanitsa naye pa mbozi, masipuleya, manozo ndi malabala ake, magolovesi ndi magambuti. Wogula botolo aliyense tikum'patsa sirinji yoyezera ulere. Pobwera thyolani tsamba lodyedwalo, kapena gwirani mbozi imodzi muike mu jumbo, tione kaye musanatulutse ndalama. Timatsegula 7 koloko m'mawa, Lolemba mpaka Loweruka.