Lipoti la ulendo wa ku wodi ya dialysis: fosifeti, FGF23 ndi mtima

Gulu lathu la anamwino ndi ma clinical officer a m'zipatala za m'maboma linakacheza ku wodi ya dialysis (kusefa magazi ndi makina impso zikalephera) ku Blantyre kukaphunzira chifukwa chake odwala impso ambiri amafa ndi mtima.

Nkhani inakula pa homoni ya FGF23. Imapangidwa m'mafupa, ndipo ntchito yake ndi kuuza impso kuti zitaye fosifeti, mchere wina wa m'magazi wochokera m'zakudya, mumkodzo. Impso zikayamba kufooka, FGF23 ndi imene imayamba kukwera, PTH (homoni yoyang'anira calcium ndi fosifeti m'magazi) ndi fosifeti zisanasinthe. Ndiye wodwala atha kukhala ndi fosifeti wooneka bwino, pakati pa 0.8 ndi 1.5 mmol/L, chikhalirecho homoniyo inakwera kale. Mwa amene ali pa dialysis imachuluka mpaka kuwirikiza ka 100 kapena kuposa. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti odwala a FGF23 wokwera amafa msanga, ndipo wa mu 2011 anaonetsa kuti imanenepetsa mnofu wa chipinda chakumanzere cha mtima. Mtima wotero umauma, sulandira magazi bwino, ndipo umagunda mosokonezeka. Kuyeza FGF23 kumachitika makamaka pa kafukufuku, choncho pawodi amadalira fosifeti, calcium, PTH ndi echo (sikani ya mtima).

Pa makina tinaonapo malire. Maola 4 a dialysis amachotsa pafupifupi 800 mpaka 1,000 mg ya fosifeti, pamene chakudya cha tsiku limodzi chitha kubweretsa woposa 1,000 mg. Makina paokha sakwanitsa.

Pa zakudya ndi pamene ambiri timalakwitsa polangiza. Fosifeti wa mu zakumwa za kola ndi nyama za m'fakitale monga soseji amalowa m'magazi pafupifupi yense. Wa m'nyemba ndi mtedza amalowa wosafika theka, ndiye kuletseratu nyemba n'kumusowetsa wodwala ndiwo pachabe. Usipa ndi matemba zimadyedwa ndi minga yomwe, imene ili ndi fosifeti wambiri, choncho zichepe. Nyama iwiritsidwe, msuzi woyamba utayidwe.

Mapiritsi a calcium carbonate kapena sevelamer amwedwe pamodzi ndi nsima, chifukwa amagwira fosifeti m'matumbo momwemo. Wodwala akamwa calcium carbonate m'mawa mimba ili yopanda kanthu, fosifeti sagwidwa, calcium yekha ndiye amalowa m'magazi n'kukaumitsa mitsempha. Kuchepa kwa ayironi nakonso kumakweza FGF23, choncho tinagwirizana kuti wodwala impso aliyense wa magazi ochepa tizimuyeza ferritin (yoonetsa ayironi wosungidwa m'thupi), ndipo pa ulendo uliwonse tizimufunsa nthawi imene amamwera mapiritsi.