Mizu ili mtulo, masamba ali maso

Lero ndapumako. Mitengo iwiri ya mandimu inandifera m'manja kuno ku Leeds, ku England, wina chaka chatha, wina chaka chinacho, ndipo mpaka sabata yathayi ndinkangoti mandimu sagwirizana ndi dziko lino basi. Wachitatuwu unayamba kuyoyola masamba kumapeto kwa Novembala. M'mawa uliwonse ndinkatola asanu kapena asanu ndi limodzi pansi pa zenera, obiriwira bwinobwino, osafota n'komwe, ine mtima uli m'mwamba. Tsopano ndamvetsa chimene chimachitika, ndiye ndilembe ndisanaiwale mmene chandilowera m'mutu.

Za mabowo a pansi pa mphika, dothi lotaya madzi msanga, feteleza wa nyengo yotentha ndi wa nyengo yozizira, sindibwereza. Anzanga a m'kalasi la za zomera la Lachiwiri madzulo, zimenezo tonse tili nazo m'makope.

Chimene ndinalibe ndi ichi: mizu ya mandimu, malalanje ndi manachesi imagona dothi likazizira kufika pansi pa madigiri 13. Siifa ayi. Imangoleka ntchito, siikula, ndipo madzi imakoka pang'ono zedi. Koma masamba sauzidwa zimenezo. Dzuwa likalasa pagalasi la zenera loyang'ana kummwera, ngakhale ndi Disembala, tsamba limatenthedwa, timabowo take timatseguka, madzi n'kumatuluka. Tsamba likuitanitsa madzi, pansi palibe woyankha. Zili ngati pa mjigo m'mamawa, mzere wa zidebe wafika kumsewu koma wosunga kiyi adakali m'bulangete. Mtengo ukaona kuti pakamwa pachuluka ndipo palibe wotunga, umayamba kuchotsa pakamwapo. Masamba aja amagwa choncho, nthawi zambiri kaphesi kake kamatsalira panthambi, tsamba lokha lili pansi.

Ndiye taganizani zimene ndinkachita ine. Ndikaona masamba akugwa, ndinkathamangira jagi. Mtengo uli ndi ludzu, si ndiye uthirire? Madzi aja ankangokhala m'dothi lozizira lija masiku ambirimbiri popanda muzu wowamwa, mpweya n'kutha m'dothi, mizu n'kuyamba kuwola. Pofika Febuluwale mtengo unalidi ndi ludzu, chifukwa unalibenso mizu. Woyamba uja nditauzula, mizu yake inali yofiirira, yoterera, khungu lake likuvuuka ndikangoikoka ndi zala, fungo ngati la pa dambo. Ndinaupha ndi chifundo changa chomwe.

Ndakhala ndikulizungulira ganizo limeneli sabata yonse ngati nkhuku pa lichero. Vuto si kuzizira pakokha, si kutentha pakokha, komanso si madzi pawokha. Ndi kusamvana kwa pansi ndi pamwamba. Chipinda changa chochezera chimafika madigiri 21 hita ikayaka, koma mphika unali pa matailosi, pafupi ndi chitseko chagalasi, pamene mphepo imalowera pansi. Mutu wa mtengo unali m'Okutobala wa ku Chikwawa, mapazi ali m'Juni wa ku Dedza. Choncho njira zilipo ziwiri: kugoneka mtengo wonse, kapena kuudzutsa wonse. Kugoneka ndiko kuuika pamalo owala koma ozizirira, a RHS, bungwe la za ulimi wa maluwa ndi zipatso kuno ku Britain, amati mandimu asatsike pansi pa madigiri 10 usiku, n'kumathirira mwa apo ndi apo dothi likauma pamwamba. Kudzutsa ndiko kutenthetsa mphikawo ndi kuwonjezera kuwala kwa nyale, chifukwa mizu yofunda m'chipinda chamdima ndi vuto lomwelo lotembenuzidwa: mtengo ukudya nkhokwe yake pamene masamba sakukolola kanthu.

Kwathu zimenezi sitiziganiza, ndipo n'chifukwa chake zinandivuta. Manachesi a ku Mwanza amapsa nyengo yozizira yomweyo, anthu ali m'majuzi, chiperoni chikuwaza, mitengo ili phee ndi masamba ake onse. Nthaka ya m'munda ndi yaikulu, imasunga kutentha, ndipo ngakhale mu Juni usana kwathu umapitirira maola 11. Kuno pa 21 Disembala usana ndi wa maola 7 ndi theka, dzuwa lake lokwawa m'munsi ngati likuopa kuoneka. Dothi la mumphika ndi malita ochepa chabe, usiku umodzi limazizira kufanana ndi pamene lakhala. Amayi nditawauza pafoni kuti mtengo wa mandimu wandifera kachiwiri anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, mandimu amafa? Uja wa kuseri kwa bafa ndani amausamala?" Ndinalibe choyankha.

Tsopano chida changa. Ndinagula kathemomita ka m'khitchini, kaja kobaya nyama, ndipo ndikunena pano kuti aliyense wosunga mandimu mumphika ataye zina zonse agule kameneka. Kupisa chala m'dothi, kunyamula mphika kuti umve kulemera, timamita toyeza chinyezi, zonsezo zimakuuza za madzi, koma sizikuuza ngati alipo woti awamwe. Tsiku loyamba ndinakabaya m'dothi 7 koloko m'mawa ndisanapite kuntchito: madigiri 11. Masana a Loweruka, dzuwa lili pazenera, chipinda chili 21, dothi linali litangofika 12. Ndinakhala pansi pomwepo. Zaka ziwiri za kudandaula zinali pa kagalasi kakang'ono kaja. Panopa ndimabaya m'mawa ndi madzulo, ndikulemba kuseri kwa kope la homuweki, ndipo mnzanga amene ndimakhala naye nyumba wayamba kundifunsa ngati wodwala wadzuka bwanji. Ndikudziwa kuti ndikukakometsa mopitirira, themomita siichotsa kodikodi ngakhale akangaude ofiira amene amakonda mpweya wouma wa hita. Koma kwa ine kaposa buku lililonse limene ndagula chaka chino.

Chimene chikundiwawa n'chakuti nambala 13 ija inalipo m'kalasi. Ndaipeza m'zolemba za sabata yachinayi, mzere umodzi pansi pa chithunzi, aphunzitsi anangoidutsa ngati basi yodzaza. Tinatha masabata atatu tikuloweza mayina a Chilatini, Citrus × limon, Citrus reticulata, kuti mandimu a Meyer anachokera ku China mu 1908 ndi Frank Meyer, zonse zofunika pa mayeso, sindikukana. Koma chaka chatha nditawaonetsa aphunzitsiwo chithunzi cha mtengo wanga anangoyang'ana kamodzi n'kuti, "Mukuthirira kwambiri." Zoona, koma theka la zoona. Ndinachepetsa madzi, masamba anagwabe, ndipo ndinaganiza kuti mwina ndine wouma mutu. Nanenso ndili ndi mlandu, safunsa anadya phula, ndikanafunsa kuti kwambiri poyerekeza ndi chiyani. Koma munthu wachokera ku shifiti ya maola 12 yosamalira okalamba, wakwera mabasi awiri, wafika kalasi itayamba, funso lachiwiri ulipeza kuti? Pofika 8 koloko ine ndimakhala ndikulimbana ndi zikope.

Chinanditonthoza ndi nkhani ya ku Kew Gardens ku London. Nyumba yawo yosungiramo malalanje, imene William Chambers anamanga mu 1761, inapezeka kuti ndi yamdima kwambiri kwa mitengoyo, mpaka mu 1841 anasamutsa mitengo ija. Anthu a mfumu, ndi ndalama zawo zonse, anaphonya kuwala. Ku nyumba yachifumu ya Versailles ku France mpaka lero mitengo ya malalanje ili m'mabokosi, amailowetsa m'nyumba nyengo yozizira n'kuitulutsanso kukafunda. Ndiye ine ndi kafulati kanga ka renti ndisadzitukwane kwambiri.

Ndasankha kugoneka, chifukwa bilu ya magetsi siindilola kudzutsa. Mtengo ndausamutsira pakakhonde kotsekedwa ka kukhomo, kamene kali ndi zenera loyang'ana kummawa ndipo kulibe hita. Mphika ndaukweza pa thabwa, ndaukulunga ndi katoni, ndipo dzuwa likawala kwambiri ndimatsitsa katani yopyapyala. Mpweya kumeneko umakhala pa 10 kapena 11, dothi chimodzimodzi. Ndathirira kamodzi kokha m'masiku 12, ndi madzi amvula amene ndinayamba ndawasiya m'nyumba kuti achoke kuzizira. Masiku asanu ndi anayi apita popanda tsamba kugwa.

Kaya ndi chifukwa cha zimene ndachitazi, kaya mtengo wangomaliza kutaya amene unafuna kutaya, popeza otsala ndi 40 okha, ndawawerenga. Januwale sanafike, ndipo kakhonde kaja usiku wa chisanu choopsa katsika pansi pa 10, ndiye ndidzaulowetsa kuti osaudzutsanso? Komanso pali mayi ena a kutchalitchi kwathu, kamtengo kawo ka calamondin, kobala timalalanje ting'onoting'ono, kali pazenera pamwamba penipeni pa hita, amakathirira akakumbukira, ndipo kadzaza tizipatso. Ndikuganiza kuti hitayo ndi imene ikufunditsa mizu, ndiye pansi ndi pamwamba zikumvana mwangozi. Kapena ndikungokakamiza nkhani yanga kuti ikwane paliponse. Lamulungu likubwerali ndipita ndi kathemomita m'chikwama, ngati angandilole kubaya.