Ndinawaliritsa apongozi ndi shuga amene kunalibe

Bambo a ana anga anawachita opaleshoni ya msana Lachiwiri. Madzulo ake ndinakwera takisi ku Rosettenville, kuno ku Joni, kukawaona ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo chimene chinandigwira maso si bala ayi, koma thumba la mkodzo lili lende m'mbali mwa bedi. Nesi analikhuthula ine ndili pomwepo. Ndisanamalize n'komwe pemphero, linali litayambanso kudzaza. Mkodzo wake woyera ngati madzi a pampopi. Milomo yawo itauma gwa, ankangoti, "Mayi, madzi."

Dokotala wogonetsa odwala anati ndi diabetes insipidus. Ine ndinangotola liwu loyambalo, mtima n'kuti myuu. Ndili pakhonde pomwepo ndinawaimbira apongozi ku Mangochi kuti mwana wawo wapezeka ndi shuga. Analira. "Mwana wanga, kumtundu kwathu shuga kulibe." Ankanena zoona.

M'mawa mwake dokotala uja anandikhazika pansi. Shuga wa bambowa anali bwinobwino. Chimene chinasokonekera ndi homoni yotchedwa vasopressin, yotuluka m'kachiwalo ka pansi pa ubongo, imene imauza impso kuti zisunge madzi. Ikachepa, kapena impso zikaleka kuimvera, munthu amakodza kupitirira malita 3 pa tsiku, ndipo mchere wa sodium m'magazi umatha kukwera kudutsa mlingo woyenera wa 145. Kawirikawiri izi zimabwera ndi opaleshoni ya m'mutu. Koma mwa apo ndi apo mankhwala ogonetsa omwewo, monga propofol, ketamine, sevoflurane ndi dexmedetomidine, amaziyambitsa. Bambowa anali pa dexmedetomidine. Anawachotsa pa mankhwalawo, n'kuwathira madzi pa diripi, n'kuwapatsa desmopressin, yemwe amagwira ntchito ya homoni ija. Pofika Lachinayi thumba linali litayamba kudzaza mwa nthawi zonse, mkodzo utabwerera mtundu wake.

Mankhwalawo sindikuwada. Popanda iwo msana uja akanaung'amba bwanji? Chimene chimandiwawa ndi dzina la matendawo. Mu 2022 madokotala a matenda a mahomoni anagwirizana zolisintha chifukwa limasokoneza ngakhale ogwira ntchito m'chipatala, koma m'mawodi likumvekabe. Mayi wokalamba anagona ndi misozi usiku wonse chifukwa cha liwu limodzi.

Ndinamupempha dokotalayo kuti andilembere dzina la mankhwala aja. Kapepalako kali m'chikwama chawo, pamodzi ndi pasipoti, kuti akadzafunikanso opaleshoni, kaya kuno ku Joni kaya kumudzi, adzakaonetse asanawagonetse.