Loweruka pa Playhouse ndi atsibweni

Atsibweni anafika Lachinayi kuchokera ku Katete, ndipo chifikireni nyimbo yawo yakhala imodzi: "Mphwanga, ndisanabwerere ukandifikitse pa Playhouse." Lero ndiye tinapita. Tinanyamuka ku Mtendere dzuwa litakwera, tinatsika minibasi chapafupi, kwinako n'kumalizitsa wapansi pang'onopang'ono chifukwa bondo lawo silifunanso liwiro.

Nyumba ya zisudzoyi ili mu Lusaka, pomwe Church Road imakumana ndi Nasser Road. Ine ndalowamo kangapo, makamaka popita ndi ana anga a kalabu ya zisudzo ya kusukulu, koma sindinaimepo panja n'kuiyang'anitsitsa monga anachitira iwo lero, chipewa chili m'manja ngati afika pamanda a kholo.

Titakhala pamthunzi anayamba kufotokoza. Playhouse inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi a Lusaka Theatre Club, dziko lino likadali Northern Rhodesia, ndipo inali ya azungu. Matauni ena analinso ndi zawo: Little Theatre ku Kitwe, Lowenthal ku Ndola, Venus ku Kabwe. Ankaonetsamo masewero ochokera ku Mangalande, ena oimba ndi kuvina, ndipo nyengo ya Khirisimasi kunkakhala sewero loseketsa la ana. Ufulu utabwera mu 1964 chitseko chinatseguka kwa aliyense, koma atsibweni akuti zoonetsedwa pa siteji sizinasinthe msanga. "Munthu wa ku Matero," iwo anatero, "akanabwera bwanji usiku wopanda galimoto kudzamvera nthabwala za ku London zimene ngakhale agogo ake sanazilotepo?"

Apa m'pamene nkhope yawo inawala, chifukwa nkhani inafika pa Chikwakwa. Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa mu 1966, mphunzitsi wina dzina lake Michael Etherton pamodzi ndi ophunzira anaganiza zomanga bwalo lawolawo la zisudzo, lapamtetete, lopanda denga. Ophunzirawo anatchetcha okha udzu pamalopo, ndipo dzina la bwalo linachokera ku chida chomwecho, chikwakwa. Kunena zoona dzinali limandikoma kuposa la bwalo lina lililonse limene ndinamvapo. Aliyense amene anapatsidwapo chilango cha kusukulu akuchidziwa chikwakwa, ndipo akudziwa matuza amene chimasiya m'manja.

Chimene sindinkachidziwa bwino n'chakuti Chikwakwa sichinkadikira anthu kuti abwere. Pa tchuthi ophunzira ankanyamuka kupita m'zigawo, kukachita masewero m'zilankhulo za eni dera. Atsibweni anayenda nawo ulendo wa kum'mawa, ndipo anapatsidwa mbali ya mesenjala wa bwana DC wotolera msonkho. Akuti pamudzi wina, sewero lili pakati, gogo wina anadzuka pamphasa n'kuwaloza ndi ndodo: "Iwe mwana wopanda ulemu, mbuzi imeneyo uisiye!" Anthu anafa nacho chiseko, koma gogoyo sankaseka ayi. Zamsonkho wa atsamunda anazionadi ndi maso, ndipo tsikulo anapeza woti amukalipire. Atsibweni anayankha ali m'sewero momwemo, gogo naye anabweza, mpaka mbali imeneyo inatalika kuposa mmene anaiyeserera. Pofotokoza zimenezi lero anaimirira, bondo lija analiiwala, n'kundionetsa kayendedwe ka mesenjala, chifuwa patsogolo.

Anatchula mayina ambiri. Kabwe Kasoma, amene analemba Black Mamba, sewero la nkhondo ya Kenneth Kaunda yomenyera ufulu. Mapopa Mtonga, amene pambuyo pake anafufuza kwambiri za gule wamkulu ndi masewera a ana. Gulu la Tikwiza la Masautso Phiri, lomwe linachita sewero la Soweto ana asukulu ataphedwa kumeneko mu 1976. Limeneli akuti linawagwetsa misozi, chifukwa nthawi imeneyo Lusaka inadzaza ndi othawa tsankho ku South Africa, ndipo ena mwa oonera ankaona nkhani ya abale awo enieni. Anakumbutsanso za ZANTAA, bungwe limene linayamba mu 1975 kusonkhanitsa magulu a zisudzo a eni dziko, masukulu omwe.

Masana tinalowa mkati. Tinapeza achinyamata akuyeserera sewero lawo, ndipo anatilola kukhala kumbuyo. Mtsikana wina anali ndi mawu amphamvu zedi, ofika mpaka mzere womaliza popanda maikolofoni. Atapuma, atsibweni anamuyamikira n'kumufunsa ngati anamvapo za Chikwakwa. Anagwada pang'ono mwaulemu nati, "Iyayi agogo, tiuzeni." Anawauzadi, ndipo onse anasonkhana kudzamvera mpaka wowatsogolera anachita kuwaitana kawiri.

Ine pamenepo mtima unandiwawa, osati chifukwa cha mtsikanayo. Akanazimva kuti? Sewero likatha makatani amatsekedwa, zovala zimabwerera m'thumba, chotsala chimakhala m'mitu ya amene analipo. Ambiri mwa amenewo tsopano ndi a msinkhu wa atsibweni, ndipo ena tinaika kale m'manda. Inenso zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana zisudzo osawatchulira dzina ngakhale limodzi mwa amenewa.

Palinso nkhani imene takhala tikukangana ndi ana anga. Sewero lathu la teremu ino ndi la mkazi wamasiye wolandidwa katundu ndi abale a mwamuna, ndipo iwo akufuna likhale la Chingerezi chokhachokha poganiza kuti ndiye lidzaoneka lapamwamba. Ndinali nditayamba kugonja. Pobwerera mu minibasi ndinawafotokozera atsibweni, iwo anangondifunsa kuti, "Kodi apongozi akamalanda mbale ndi mabulangete pamaliro, amalankhula chilankhulo chanji?" Mbali zonse za pamaliro ndazilembanso usiku uno m'Chinyanja, Chingerezi chatsala kukhoti kokha.

Titadya nsima ndinayatsa foni n'kuwapempha kuti abwereze zonse kuyambira pachiyambi. Ndajambula mawu awo kwa ola lathunthu, ndipo sitinafike n'komwe pa Tikwiza. Amayenera kukwera basi ya ku Katete mawa m'mawa, koma avomera kuti tisinthe tikiti ikhale ya Lachitatu. Lolemba akupita nane kusukulu, ndipo andiuza kuti ndiwapezere chipewa chofiira ndi kabudula wa khaki.