Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nsalu Yanga Yoyamba

M'gawo lapitali ndinakusiyani chowombera nsalu chija chitangolowa m'nyumba, ana onse atachoka pakhomo, madzulo kukumangoti zii. Lero ndikuuzeni za nsalu yoyamba imene ndinawomba ndi manja angawa.

Chowombera changa n'chaching'ono, choika patebulo. Chili ndi mitanda iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo pakati pali chipeso chokhala ndi timipata titalititali ndi timabowo mosinthana: kampata, kabowo, kampata, kabowo. Ulusi wa m'litali umadutsa m'menemo. Mukakweza chipesocho, ulusi wa m'timabowo umakwera nacho, wa m'timipata n'kutsala, ndiye pakati pamatseguka njira yodutsitsa ulusi wopingasa. Mukachitsitsa, wa m'timabowo umapita pansi, njira ina n'kutseguka. Nzeru yonse ya nsalu wamba yagona pamenepa.

Chipeso changa chimalowa ulusi 40 pa masentimita 10 alionse. Ndinkafuna nsalu ya masentimita 40 m'lifupi, choncho ndinayala ulusi wathonje 160, uliwonse wotalika mamita awiri ndi theka. Werengani nokha: mamita 400, ndisanawombe n'kamzere kamodzi komwe. Kulowetsa ulusi umodziumodzi ndi kangowe kunanditengera masiku awiri, khosi lili gwa.

Nditamaliza ndinaitana mayi wachikulire uja amene anandigulitsa chowomberacho. Sanayang'ane n'komwe. Anatsinzina, n'kuyendetsa kuseri kwa dzanja pamwamba pa ulusi kuchokera kumanzere mpaka kumanja, pang'onopang'ono, ndipo ataima chapakati anati, "Mwana wanga, apa palefuka. Masulani mumangenso, ulusi wonse ukungike mofanana." Ndinamasula mfundo zonse. Kunena zoona zinandiwawa, koma lero inenso ndimatsinzina chimodzimodzi, pakuti ulusi wolefuka maso sauona, dzanja ndi limene limaumva.

Kenaka ndinayamba. Kukweza, kudutsitsa kamtengo kokulungapo ulusi, kutsendera ndi chipeso, kutsitsa, kudutsitsanso. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu 1733 John Kay wa ku England anapanga kachipangizo kouluka koponyera ulusi, kamene kanafulumizitsa kwambiri ntchito ya owomba. Ine kanga ndimakapatsira kuchokera dzanja ili kupita dzanja ilo, ndipo sindifuna kusintha. Usiku woyamba umenewo ndinadzidzimuka nthawi itapita kale, nyumba ija sindinaimvenso kuti ili zii.

Vuto linabwera nditawomba pafupifupi theka la mita. Poopa kuti m'mphepete mungakhale timalupu, ndinkakoka ulusi wopingasa mwamphamvu nthawi iliyonse. Nditayeza, nsalu imene inayamba ndi masentimita 40 inali itafika pa 33. Ulusi wa kumphepete unali utapendekeka, ukukhulana ndi chipeso, mpaka umodzi unanyenyeka n'kuduka ndikuona. Ndinakhala pampandopo misozi ili lengelenge.

M'mawa mwake mayi aja anabwera, n'kundionetsa chinthu chimene ndimafuna aliyense woyamba kuwomba atachimva msanga. Ulusi wopingasa suyenda mowongoka ayi. Umakwera pamwamba pa ulusi uwu, n'kulowa pansi pa wotsatira, motero mpaka 160 yonse, ndiye umafunika utali woposa m'lifupi mwa nsalu. Mukaumana utali umenewo, umakautenga kumphepete pokoka nsalu kuti ibwere mkati. Mankhwala ake n'kuugoneka mopendekeka m'njira muja, kuutsina pang'ono pamphepete ndi zala ziwiri, kenaka n'kutsendera. Woduka ujanso sanauope. Anadula ulusi watsopano, n'kuulowetsa m'kabowo komweko, mbali imodzi n'kuikulunga pa phini amene anabaya pansalu, mbali inayo n'kuilendewetsa kumbuyo kwa chowombera atamangirirako kabotolo kokhala ndi timiyala kuti ukungike ngati anzake. "Pitirizani," anatero. "Musamasule zimene mwawomba kale."

Ndinapitiriza, ndipo nsalu inayamba kubwerera m'lifupi mwake pang'onopang'ono.

Tsiku lodula linafika patatha milungu itatu. Ndinasokerera mapeto onse awiri ndi singano kuti isasomphoke, n'kudula ulusi kumtanda. Koma chimene ndinagwira m'manja chinali chouma, chokhakhala, chooneka kuseri ngati ukonde. Mtima unagwa. Mayi aja anali atandiuza kuti nsalu siitha isanalowe m'madzi, choncho ndinaiviika m'madzi ofunda a sopo pang'ono, n'kuifikisa, kuitsukuluza, kuiyanika, ndipo isanaumitsitse ndinaisita. Thonje likanyowa limafufuma, ulusi umene unali wokungika umamasuka n'kukhazikika pamalo pake. Timipata ta pakati pa ulusi wa nsaluyo tinatsekeka. Nsaluyo inafupika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma inafewa, ndipo nditaikweza inagwa m'manja mwanga mopindikapindika ngati nsalu ina iliyonse. Ndinaiika patsaya ndili chiimire m'chipinda muja.

Mpaka lero ili pampando umene ndimakhalira powomba, yopanikizika chapakati, ndipo pamene panaduka ulusi paja pali kachizindikiro kamene chala changa chimakapeza ngakhale mumdima. Mwana wanga wamkazi atabwera kudzandiona anaipempha. Ndinamuuza kuti ndimuwombera yake, ya mitundu iwiri, ndipo za mmene ndinaphunzirira kusakaniza mitundu ndidzakuuzani m'gawo likubwerali.