Sabata imodzi yopereka malikisi kwa osewera a m'mafilimu akale

Pa ndandanda ya sabata ino panali mafilimu asanu, ndipo ntchito inali yomwe ija: kuonera iliyonse kawiri, kulemba ndemanga yosapitirira mawu 200, kenako kupereka malikisi pa 10 kwa wosewera wamkulu aliyense. Timagwira ntchitoyi anthu atatu. Aliyense amaonera payekha n'kulemba malikisi ake asanamve maganizo a mnzake, chifukwa woyamba kulankhula amakokera enawo kumbali yake. Tikasiyana ndi malikisi oposa awiri pa wosewera mmodzi, timakhala pamodzi n'kubwereza chigawo chomwe tasiyanapocho.

Malikisi 10 aja timawagawa chonchi: atatu ndi a kumvetsera, kutanthauza zimene wosewera amachita mnzake akamalankhula, awiri ndi a thupi ndi manja, awiri a mawu, awiri a mmene munthu amene akuseweredwayo akusinthira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo imodzi ndi ya kugwirizana ndi mtundu wa filimuyo. Filimu ikakhala yopanda mawu, malikisi awiri a mawu amapita ku nkhope.

Lolemba sitinapereke malikisi kwa aliyense. Tsiku lonse linathera poyesa makope. Choyamba ndi kutalika kwa filimu. Mafilimu a mawu amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, koma makope ambiri a DVD opangidwira wailesi ya kanema ya PAL, njira youlutsira zithunzi ya ku Ulaya ndi maiko ena, amathamanga pa 25. Kusiyanaku ndi pafupifupi 4 peresenti. On the Waterfront ndi ya mphindi 108, ndipo kope loyamba lomwe linatifika linali la mphindi pafupifupi 104. Palibe chimene chinadulidwa, filimuyo imangothamanga. Vuto lake n'lakuti mawu amaonda ndi kukwera pang'ono, ndipo kachetechete amene wosewera anasiya dala asanayankhe amafupika. Pa wosewera wamkulu wa filimuyi, Marlon Brando, amene luso lake lalikulu lili pa kuchedwa kuyankha, kope lotere silingagwiritsidwe ntchito. Tinalibweza.

Chachiwiri ndi mulifupi mwa chithunzi. Kuyambira 1932 mafilimu a ku America ankatuluka pa 1.37:1, chithunzi chotsala pang'ono kufanana mbali zonse. CinemaScope, njira yojambulira chithunzi chotakata, itabwera mu 1953 zithunzi zinatambasuka. Kope la filimu yakale likadulidwa pamwamba ndi pansi kuti lidzaze sikirini ya masiku ano, zoyamba kutayika ndi manja a wosewera. Kope la filimu yotambasuka likadulidwa m'mbali, amene amatayika ndi munthu womvetsera uja, ndiye malikisi atatu aja alibe poimira.

Chachitatu ndi sikirini yomwe. Timazimitsa motion smoothing, chifukwa imapeka zithunzi zoonjezera pakati pa zenizeni ndipo mayendedwe a thupi amasalala mwachilendo. Timazimitsanso noise reduction. Timadontho tooneka ngati mchenga pa filimu yakale si dothi ayi, ndimo muli chithunzicho, ndipo ukatichotsa nkhope imasanduka ngati yaphula, makwinya ndi thukuta zonse kupita. Chipinda chikhale chamdima, foni ikhale kunja.

Lachiwiri linali la The Passion of Joan of Arc ya Carl Theodor Dreyer, ya 1928, ndipo apa m'pamene tinakhalitsa. Filimu zopanda mawu zinalibe liwiro limodzi lokhazikika, ndipo iyi imapezeka pa zithunzi 20 pa sekondi komanso pa 24. Pa 24 imatenga mphindi pafupifupi 81, pa 20 pafupifupi 97. Tinaonera zonse ziwiri. Pa 24, maso a Renée Falconetti, amene akusewera Joan akuzengedwa mlandu, amayenda mofulumira ngati a munthu wogwidwa ndi mantha. Pa 20, maso omwewo amaoneka ngati a munthu amene akusinkhasinkha yankho lililonse asanalipereke kwa oweruza. Wosewera ndi mmodzi, koma zimene woonera amaona n'zosiyana, choncho mu ndemanga timalemba liwiro limene tinaonera. Ife tinasankha 20.

Palinso nkhani ya kope. Negetivu yoyambirira ya filimuyi, imene makope onse amachokerako, inapsa ndi moto ku Berlin mu 1928, ndipo Dreyer analumikiza ina kuchokera ku zojambula zobwereza zimene poyamba anazisiya. Kope la filimu yoyambirira ija linadzapezeka mu 1981 m'chipatala cha odwala maganizo pafupi ndi Oslo. Ndiye kuti munthu amene analemba za Falconetti pakati pa moto uja ndi chaka cha 1981 ayenera kuti ankanena za zojambula zina, osati zimene tikuona lero.

Chovuta kwenikweni pa filimuyi ndi kulekanitsa ntchito ya Falconetti ndi ya kamera. Pafupifupi filimu yonse ndi zithunzi za nkhope zojambulidwa pafupi, osewera sanadzole zodzoladzola, ndipo wojambula Rudolph Maté anaika m'kamera filimu ya mtundu wa panchromatic, imene imaona mitundu yonse. Filimu ya orthochromatic imene inalipo kale sinkaona zofiira, milomo inkada bii ndipo maso abuluu ankayera, n'chifukwa chake osewera a zaka za m'ma 1910 amaoneka odzola mopambanitsa. Sitimachotsera munthu malikisi pa zimenezo. Komanso nkhope iliyonse ikajambulidwa pafupi chonchi n'kuikidwa pambuyo pa nkhope ya woweruza waukali, woonera amaikamo yekha chisoni. Wopanga mafilimu Lev Kuleshov anasonyeza zimenezi kalekale ku Russia polumikiza nkhope imodzimodzi ya wosewera Ivan Mosjoukine ndi zithunzi zosiyanasiyana. Njira yathu ndi yosankha zithunzi zotalika masekondi oposa asanu popanda kudula, n'kuona ngati nkhope ikusintha mkati mwa chithunzi chomwecho. Ngati kusintha kumangochitika podula, ntchitoyo ndi ya wolumikiza. Mwa Falconetti kusintha kumachitika mkati: mlomo kunjenjemera kenako kulimba, diso kudzaza misozi kenako kuyang'ana kumbali. Tonse atatu tinapereka 10, zomwe sizichitika kawirikawiri.

Lachitatu m'mawa kope labwino la On the Waterfront ya Elia Kazan, ya 1954, linafika. Poonera kachiwiri timasankha zigawo zitatu za mphindi zitatu mpaka zisanu. Timaonera chigawo mawu atazimitsidwa, kenako timamvetsera mawu okha osayang'ana, n'kulemba mphindi ndi sekondi pamene pachitika chinthu. Chigawo cha golovesi n'chodziwika: Eva Marie Saint wagwetsa golovesi, Brando walitola, wakhala pa katungwe, walivala m'dzanja lake. Anthu amayamikira Brando yekha, koma mawu akazimitsidwa umaona kuti chigawochi chagona pa Saint. Akufuna kuchoka, sangachoke popanda golovesi lake, ndipo dzanja lake limapita n'kubwerera. Iyi inali filimu yake yoyamba ndipo analandira nayo mphoto ya Oscar. Pa kumvetsera tinamupatsa malikisi onse atatu.

M'chigawo cha m'takisi, Rod Steiger, amene akusewera mkulu wake wa Brando, akatulutsa mfuti, Brando amaikankhira pambali mofatsa, ngati akuchotsa chinthu m'manja mwa mwana. Steiger mwiniwake ankanena kuti pojambula zithunzi zake za pafupi Brando anali atachoka kale. Zinthu zotere n'zabwino kuzidziwa koma sizilowa m'malikisi. Timaweruza zimene zili pa sikirini, ndipo pa sikirini Steiger akuoneka ngati akumva mawu a mng'ono wake koyamba.

Cholakwika chomwe ndimaona kawirikawiri mwa olemba ndemanga atsopano ndi kutenga kaseweredwe ka Brando ngati muyeso wa onse. Iye anachokera ku maphunziro otsatira nzeru za Stanislavski, mphunzitsi wa zisudzo wa ku Russia, maphunziro amene anafala ku New York pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Wosewera wa mu 1935 wolankhula momveka bwino ataima chilili sanali wolephera. Ankachokera ku siteji, ndipo m'zaka zoyambirira za mafilimu a mawu maikolofoni inkabisidwa pamalo amodzi, wosewera osaloledwa kutalikira. Maliki imodzi ija ya kugwirizana ndi mtundu wa filimu ili pamenepo kuti itikumbutse zimenezi.

Madzulo ake tinaonera 12 Angry Men ya Sidney Lumet, ya 1957, mphindi 96, amuna 12 m'chipinda chimodzi akugamula mlandu. Lumet anafotokoza yekha kuti filimu ikamapita ankasinthira ku malenzi aatali kuti makoma aoneke ngati akuyandikira, ndiponso kuti anayamba kamera ili pamwamba pa maso a osewera, n'kuitsitsa mpaka kumapeto ikuyang'ana kuchokera pansi. Choncho kubanika kumene woonera amamva kumapeto si konse kwa Lee J. Cobb, mmodzi wa osewera 12 aja. Mmodzi wa ife anamupatsa 9, wina 6 ponena kuti amakuwa kwambiri. Tinabwereza kulankhula kwake komaliza mawu atazimitsidwa ndipo tinagwirizana pa 8, chifukwa mapewa ake amagwa mawu asanathe, ndipo zimenezo si za lenzi.

Lachinayi lonse linali la Tokyo Story ya Yasujiro Ozu, ya 1953. Apa muyeso wathu umavutika. Kamera imakhala pansi, pafupifupi pa msinkhu wa munthu wokhala pa mphasa ya tatami, siyenda kwenikweni, ndipo osewera nthawi zambiri amalankhula atayang'ana pafupifupi mu kamera momwemo. Munthu woonera koyamba amalemba kuti osewerawa sakuchita kanthu. Poonera kachiwiri timawerenga zinthu zazing'ono: kangati Chishu Ryu wagwedeza mutu asanayankhe, ndi liti pamene wasiya kudzikupiza. Ryu anali ndi zaka 49 pamene ankasewera nkhalamba ya bambo. Ukalamba wake suli pa imvi, uli pa msana wowerama pang'ono ndi pa kupuma kumene amapuma asanayambe chiganizo.

Setsuko Hara akusewera Noriko, mpongozi amene mwamuna wake anasowa ku nkhondo. Kwa maola awiri akumwetulira, ndipo kumwetulirako n'kumene timayesa. Sikufanana paliponse. Kwina n'kwa ulemu, kwina n'kobisira kutopa, ndipo pamene akulankhula ndi apongozi ake aamuna kumapeto, atapatsidwa wotchi ya malemu apongozi ake aakazi, kumasweka n'kubisa nkhope m'manja. Kulira kumeneku kuli ndi mphamvu chifukwa cha mmene anadzigwirira m'zigawo zonse zam'mbuyo, ndiye malikisi awiri a kusintha anawatenga onse. Ndikufuna nditchulenso Haruko Sugimura, amene akusewera mwana wamkazi wamkulu, uja wopempha zovala za mayi ake maliro atangotha. Oonera ambiri samukonda munthu ameneyu ndipo mosazindikira amachotsera wosewerayo malikisi. Uku ndi kulakwitsa. Sugimura amalira moona pa imfa ya mayi ake ndipo amapempha zovalazo moonanso, ndipo kuchita zonse ziwiri popanda kupepesa kwa woonera ndi ntchito yovuta. Ine ndinamupatsa 9.

Lachisanu tinamaliza ndi La Noire de… ya Ousmane Sembène, ya 1966, yotalika pafupifupi ola limodzi. Mbissine Thérèse Diop akusewera Diouana, mtsikana wa ku Dakar wopita ku Antibes kukagwira ntchito kwa banja lachifalansa. M'nyumbamo salankhula kwenikweni, maganizo ake timawamva m'mawu oikidwa pamwamba pa zithunzi, ndipo mawuwo si a Diop, ndi a Toto Bissainthe, wosewera wa ku Haiti. Tisanapereke malikisi a mawu kwa wina aliyense timayamba tafufuza kuti mawuwo ndi a yani. Vutoli silili kuno kokha: nyimbo zambiri za Audrey Hepburn mu My Fair Lady ya 1964 anaimba ndi Marni Nixon, ndipo mafilimu ambiri a ku Italy a nthawi imeneyo mawu ake ankaikidwa pambuyo mu situdiyo.

Diop tinamuyesa ngati wosewera wa filimu yopanda mawu, malikisi a mawu n'kupita ku nkhope. Zigawo zomwe tinasankha ndi cha mlendo wa pa chakudya amene amamupsompsona iye asanavomere, cha kalata yochokera kwa mayi ake imene bwana amamuwerengera n'kuyamba kuyankha m'malo mwake, ndi cha kulimbirana chigoba chimene iye anapereka kwa banjalo ngati mphatso. Pa kalata paja Diop sakweza maso, amangoigwira n'kuing'amba, ndipo khosi lake n'lowuma gwa. Mmodzi wa ife ananena kuti kuumako n'kwa munthu amene anali asanaimepo pamaso pa kamera. Tinabwerera ku zigawo za ku Dakar, kumene Diop yemweyo akuyenda momasuka ndi kudumpha mokondwa atapeza ntchito. Thupi lomasuka ku Dakar ndi louma ku Antibes ndi la munthu mmodzi, choncho kuumako anachita kusankha. Tinagwirizana pa 8, ndipo mu ndemanga tinalemba mzere wapadera wonena za mawu a Bissainthe.

Ndemanga zonse zisanu zinatumizidwa 4 koloko isanakwane, iliyonse ili ndi mizere itatu pamwamba: kutalika kwa kope lomwe tinaonera, mulifupi mwa chithunzi, ndi liwiro. Makope a sabata yamawa afika kale. Limodzi ndi la Casablanca lopakidwa mitundu ndi kompyuta, ndipo talibweza n'kupempha lakuda ndi loyera la 1942.