Msana wanga ndi usiku wa ku Tete

Thumba limene linandipweteka silinali lolemera kuposa anzake. Linali la mbatatesi za ku Tsangano, ndipo ndinalinyamula thupi litapotoka chifukwa dalaivala anali ataliza kale injini pa Ulongwe. M'chiuno munangomveka kuti thyo, ngati kamtengo kouma. Ndinakwerabe lole, poti mbatatesi sizidikira munthu.

Munali mu Okutobala. Amene anagonapo mumzinda wa Tete mwezi umenewu akudziwa zimene ndikunena. Masana kutentha kumapyola madigiri 40, usiku makoma ndi pansi pomwe zimakhala zikutulutsabe moto. Ife a ku Angónia, amene mu Juni timafunda mabulangete awiri, kumeneko timangokhala ngati nsomba pa thandala. Ndinkagona pa katoni pambali pa matumba anga pafupi ndi msika wa Kwachena, diso limodzi lili pa katundu, udzudzu uli m'khutu. Tulo take maola awiri, akachuluka atatu.

Kwa miyezi ingapo nkhani ndinkaimva mbali imodzi: msana ukupweteka, n'chifukwa chake sindikugona. Kunyamula ndinasiyira anyamata aganyu, koma ululu osasintha. Amene anatulukira chinsinsi ndi mayi a kunyumba. Usiku wina ndikutembenuka ndi kubuula, iwo anati, "Bambo, inu matumba munaleka kalekale. Nanga bwanji mumabuula kwambiri mukangochokera ku Tete? Mukakhala pakhomo pano sabata yathunthu simudandaula chonchi."

Ndinatsutsa, monga mwa chizolowezi chathu amuna. Ndinati ndi ulendo, makilomita oposa 200 pamwamba pa lole, kudutsa Moatize mpaka kukakhota pa Mussacama. Iwo sanalimbane nane. Anangotenga pensulo n'kuyamba kulemba pa kalendala ya pakhoma: kamtanda pa tsiku limene ndagona bwino, kamzere pa tsiku limene ndadzuka nditagwira m'chiuno. Pakutha pa mwezi ndinachita manyazi. Ngakhale tsiku limene ndinachezera pa maliro pamudzi pompano, osakwera galimoto, osanyamula kanthu, m'mawa mwake panali kamzere.

Anamwino a kuchipatala chathu chaching'ono atamva za kalendala ija anaseka, nati mayi aja akanayenera kuvala yunifolomu. Anandifotokozera kuti ubongo uli ndi njira yake yochepetsera ululu umene mitsempha ikubweretsa, ndipo munthu akasowa tulo njira imeneyi imafooka. Bala limakhala lomwelo, koma umalimva mowirikiza. Ofufuza anayesapo anthu abwinobwino: atawachezetsa usiku wonse, kutentha kumene dzulo lake ankakupirira pakhungu kunayamba kuwawawa. Ndiye ululu umalanda tulo, kusowa tuloko n'kuwonjezera ululu, zikungothamangitsana ngati galu ndi mchira wake. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ine ku Tete sindinkafika ngakhale theka.

Asanandipatse mankhwala anandifunsa mafunso amene poyamba ndinawaona ngati osokonekera. Kodi mukuonda? Mumatuluka thukuta usiku ngakhale kukuzizira? Miyendo imachita dzanzi? Mkodzo umakupulumukani? Anati chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana, ndipo munthu wa zizindikiro zimenezo asamangomwa mapiritsi kunyumba. Mwamwayi ine ndinalibe n'chimodzi chomwe.

Zopusa zimene ndinachita ndisanapite kumeneko ndizinene ndithu. Kachasu ndinamuyesa. Amakugwetsa msanga, zoona, koma cha m'ma 2 koloko umadzidzimuka kukhosi kuli gwaa, msana uli pomwepo, tulo osabweranso mpaka tambala. Ibuprofen ndinkameza m'mimba mulibe kanthu, mpaka pamtima panayamba kuotcha. Paracetamol ndinkangomwa osawerenga, osadziwa kuti kupyola mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku kumawononga chiwindi. Nanga tiyi wakuda uja tinkamwa ndi madalaivala usiku? Pakatha maola asanu, pafupifupi theka la mphamvu yake yothamangitsa tulo imakhala idakali m'magazi.

Masiku ano ndikafika ku Tete ndimalipira mlonda kuti ayang'anire matumba, ine n'kuwoloka mlatho wa Samora Machel kukagona kwa msuweni wanga ku Matundo. Amandiyalira pakhonde, m'neti, pamene kamphepo ka Zambezi kamafikako pang'ono. Ndimagona chammbali, kapulana wakale nditamupinda pakati pa mawondo. Ndalama ya mlondayo imandiwawa, chifukwa pa ulendo uliwonse imadya phindu la thumba lathunthu, ndipo anzanga amati ndayamba ubwana.

Msana sunapole kwenikweni. Ndikawerama kumanga thumba umandikumbutsabe za tsiku lija. Kalendala ya chaka chino mayi aipachika pa msomali womwe uja, pensulo ili pa chingwe. Mwezi wathawu timizere tinalipo tinayi, ndipo tiwiri mwa timeneto ndi ta masiku amene mwana wathu wamng'ono anadwala malungo.